Mwanayu Sakuchita Dala: Chilengezo cha Makolo, Aphunzitsi ndi Olera Ana

Ife amene tikulankhula pano ndife amayi amene tinaitanidwa ku ofesi ya ahedi n'kuuzidwa kuti mwana ayambe wakhala kunyumba mpaka adzasinthe. Ndife abambo amene mudzi umatinena kuti tinakhwimira mwana wathu yemwe kuti golosale iziyenda. Ndife agogo amene tinasiyiridwa adzukulu, makolo awo atagwa nawo ulesi. Tili pamodzi ndi aphunzitsi a Sitandade 1 ndi 2, alezi a ku sukulu zamkombaphala, anamwino, a mafizo, komanso achinyamata amene anakula akutchedwa ozerezeka, ndipo lero akutha kufotokoza okha zomwe zinkawachitikira. Kwa zaka zambiri tinkavutika aliyense kwake, chitseko chili chotseka. Tayamba kupezana pa mizere ya kuchipatala, pa misonkhano ya makolo ndi m'magulu a WhatsApp, ndipo taona kuti nkhani yathu ndi imodzi. Tsopano tikuinena poyera.

Tikulengeza kuti ana ambiri amene amaikidwa m'gulu la amwano, ankhanza ndi osokoneza kalasi sakuchita dala. Matupi awo amalandira phokoso, kuwala, fungo ndi kukhudzidwa mosiyana ndi mmene anzawo amalandirira. Zomwe ena sazilabadira n'komwe, kwa iwo ndi ululu weniweni. Mwana wotere akakuwa, akaluma, akathawa kapena akadzimenyetsa mutu kukhoma, kawirikawiri amakhala atapirira mpaka mphamvu zatha, ndipo alibe mawu oti anenere chomwe chikumusautsa. Sukulu yomwe ikumuyankha ndi ndodo, kapena kumubweza kwawo, ikumulanga chifukwa choti wamva kuwawa.

Lowani nafe m'kalasi ya Sitandade 2 mwezi wa Januwale. Ana oposa 100 akhala pansi pa simenti, bondo kugunda bondo. Denga ndi la malata, lopanda siling'i, ndipo mvula yayamba. Aphunzitsi akweza mawu kuti amveke, ana onse akuyankha pamodzi mokuwa, kubwereza maphatikizo a malembo. Kuseri kwa khoma kalasi ina ikuimba. Fungo la zovala zonyowa ndi fumbi la choko zadzaza chipinda. Chapakati pali kamnyamata. Poyamba katseka makutu ndi zikhatho. Kenaka kayamba kugwedeza thupi, kutsogolo ndi kumbuyo, kakung'ung'udza chapansipansi kuti mawu akeake aphimbe phokoso lina lonselo. Palibe wazindikira. Mnzake wakhudza mwangozi kumbuyo kwa khosi lake, pomwe kolala ya yunifolomu yakhala ikumukanda chiyambire m'mawa. Nthawi yomweyo panja wina wamenya rimu ya galimoto yopachikidwa pamtengo, belu la buleki. Kamnyamata kaja kaluma mkono wa mnzake.

Aphunzitsi aona kulumako basi. Nthawi yonse ija mwanayu ankayesetsa kudzigwira sinaonedwe ndi munthu. Ku ofesi zikalembedwa kuti ndi mwana wankhanza, ndipo mayi ake aitanidwa. Koma tengani munthu wamkulu, mumuike m'chigayo chikuthetheka kuyambira m'mawa mpaka masana, mumuletse kutuluka, mumuuze kuti akhale chete aziwerenga. Muone ngati angafike nthawi yoweruka ali ndi ulemu wake wonse. Ana athu ena amakhala m'chigayo chimenecho masiku asanu pa sabata.

Izi si nkhani zopeka za makolo ofuna kuikira kumbuyo ana awo. M'chaka cha 1943, dokotala Leo Kanner wa ku Baltimore, m'dziko la America, analemba za ana 11 amene anali ndi vuto lomwe lero timalitcha otizimu, ndipo anaona kuti ena mwa iwo ankachita mantha aakulu ndi phokoso la makina a m'nyumba, madzi otuluka pampopi, ngakhalenso mphepo. Mayi A. Jean Ayres, katswiri wa ku California, anathera zaka zambiri akufufuza mmene ubongo umasanjira zonse zomwe thupi likumva, ndipo mu 1972 anatulutsa buku lofotokoza chifukwa chake ana ena amalephera kuphunzira pamene kusanjaku sikukuyenda bwino. Mu 2013, buku lomwe madokotala a ku America amagwiritsa ntchito pozindikira mavuto a m'maganizo linaika kumva mopitirira muyezo, kapena kumva mopereweza, pakati pa zizindikiro za otizimu. Bungwe loona zaumoyo padziko lonse, la WHO, linanenapo kuti pafupifupi mwana mmodzi pa 100 aliwonse ali ndi otizimu. Ngati zili choncho, n'kutheka kuti kalasi ya ana 100 ija ili naye mwana wotere, kaya analembedwa m'buku kaya ayi.

Eni akenso analankhula. Temple Grandin, mayi wa otizimu amene anafika pokhala pulofesa wa za ziweto pa Colorado State University, wafotokoza kambirimbiri mmene phokoso lalikulu linkamupwetekera m'makutu ali mwana, ndi mmene zovala zokanda zinkamusowetsera mtendere. Ali mtsikana anaona kuti ng'ombe zimadekha zikapanikizidwa m'khola lobayira katemera, ndipo anadzipangira chipangizo choti chizimufinya thupi iye mwini akasokonezeka. Achinyamata athu amene akutha kulankhula akutiuza zofananazo. Mawu awo ndiwo oyamba kuwamvera pa nkhani imeneyi, asanalankhule madokotala, tisanalankhule ife makolo.

Pali mbali ina yomwe imasokoneza aphunzitsi kwambiri. Si onse amene amathawa phokoso ndi kukhudzidwa. Ena thupi lawo limamva mopereweza, ndiye amachita kusakasaka. Kuwonjezera pa maso, makutu, mphuno, lilime ndi khungu, munthu ali ndi njira zina zomvera zomwe sitizitchula kusukulu. M'kati mwa khutu muli tiziwalo tomwe timauza ubongo ngati mutu waima, wapendekeka kapena ukuzungulira. Minofu ndi molumikizana mafupa zimauza ubongo pomwe pali mkono ndi mwendo, komanso mphamvu yomwe ikugwiritsidwa ntchito. Ndiye pali mauthenga ochokera m'kati mwa thupi, onena za njala, ludzu, mkodzo ndi ululu. Mwana amene mauthengawa amamufika mofooka amazungulirazungulira osachita chizungulire, amadzigwetsa pansi, amatafuna kolala ndi pensulo mpaka kutha, amakumbatira anzake mwamphamvu mpaka kuwaliza, amathyola choko polemba. Wina amadzikodzera m'kalasi ali ndi zaka 10, chifukwa uthenga wa chikhodzodzo umamufika mochedwa. Mwana ameneyo akagwaditsidwa panja anzake akumuseka, palibe chomwe waphunzira, kupatula kuti sukulu ndi malo ochititsa manyazi.

Tisaganizenso kuti nkhaniyi ndi ya otizimu wokha. Kuno kwathu malungo a muubongo amasiya zipsera zosaoneka ndi maso. Kafukufuku wina wa ku chipatala cha Queen Elizabeth ku Blantyre, yemwe zotsatira zake zinatuluka mu 2010, anatsatira ana 132 amene anapulumuka ku malungo amenewa. Pafupifupi mmodzi mwa atatu aliwonse anatsala ndi vuto lina la muubongo. Pafupifupi mmodzi mwa khumi anayamba kudwala khunyu, ndipo enanso ochuluka chimodzimodzi anasintha khalidwe, kukhala aukali ndi osakhazikika. Ana amenewa anatuluka m'chipatala makolo akuthokoza Mulungu, n'kukalowa m'makalasi momwe palibe anadziwa mbiri yawo. Pali mwana wachialubino amene kuwala kwa pawindo kumamuthobwa m'maso mpaka mutu kuwawa. Pali mwana amene khutu lake limatuluka mafinya, samva bwino aphunzitsi, ndiye amayesedwa wonyozera. Pali amene ali ndi dzino lobowoka kapena wadzimbidwa masiku angapo, koma poti salankhula, amadzimenya tsaya kapena kudzigudubuza pansi. Pali amene wabwera kusukulu osadya, ndipo phala lachedwa. Khalidwe la mwana likasintha mwadzidzidzi, choyamba kuunika ndi mano, makutu, mimba ndi tulo.

Tinene chilungamo, chifukwa gulu loyamba ndi mabodza silipita patali. Si chilichonse chomwe mwana waulumali wachita chomwe chimachokera ku phokoso kapena kuwala. Nthawi zina akuthawa ntchito yomwe yamukulira, nthawi zina akufuna kuti wina amuyang'ane, nthawi zina akungochita chibwana monga mwana wina aliyense. Mwana wolumidwa uja nayenso ndi mwana wa munthu, ndipo mayi ake ali ndi ufulu wokwiya. Sitikunena kuti kuluma kuloledwe. Tikunena kuti kuluma kumatha pokhapokha tapeza chomwe chikukuyambitsa. Mu 1985, akatswiri awiri a ku America, Edward Carr ndi Mark Durand, anaonetsa kuti ana akaphunzitsidwa njira yosavuta yopemphera chomwe akufuna, monga thandizo pa ntchito yovuta, kukuwa ndi kumenya kumachepa kwambiri. Sitikugulitsanso mankhwala ozizwitsa. Mu 2012 bungwe la madokotala a ana ku America linachenjeza kuti umboni woti njira zina zothandizira ana pa vuto la kumvali zimagwiradi ntchito ndi wochepa. Choncho kholo lisagulitse mbuzi chifukwa cha zipangizo zomwe laona pa intaneti. Zomwe tikupempha n'zapafupi kuposa pamenepo: chotsani chomwe chikumupweteka mwana, mupatseni njira yonenera, ndipo yang'anitsitsani ngati zasintha.

Pali zinthu zomwe takana, ndipo sitidzabwereranso m'mbuyo. Takana ndodo, mbama ndi kupotokola makutu. Takana kumanga mwana ndi chingwe pamtengo kapena kumutsekera m'nyumba anthu akamapita kumunda, ngakhale tikudziwa kuti ambiri ochita zimenezi si ankhanza, ndi makolo amene asowa womusiyira. Yankho la vuto lawolo ndi anthu owathandiza, osati loko. Takana kumutema mphini thupi lonse, kumumwetsa zitsamba zosadziwika, ndi kumusalitsa kudya kuphiri ati achoke ziwanda. Kwa inu abusa, ansembe ndi mashehe athu, tikulankhula mwaulemu wonse: ambiri a ife ndife anthu anu, timapemphera nanu, ndipo mapemphero anu timawafuna. Koma anthu khumi akazungulira mwana woopa phokoso, akukuwa, akumugwira mutu, iye n'kugwa pansi akulira, chomwe mukuona si chiwanda chikutuluka. Ndi mwana amene wachita mantha. Kwa inu mafumu athu, chonde nenani pabwalo kuti mayi wobereka mwana wotere sanalakwe kanthu, ndipo bambo womuthawa ayankhepo.

Kwa inu aphunzitsi, mawu athu ndi a ubale, chifukwa ena a inu muli m'gulu lino. Tikudziwa katundu amene mwasenza. Mu 1994, maphunziro a pulayimale atakhala aulere, chiwerengero cha ophunzira chinakwera kuchoka pa 1.9 miliyoni kufika pafupifupi 3 miliyoni m'chaka chimodzi, ndipo chiyambire pamenepo zipinda ndi aphunzitsi sizinakwanirepo. Boma limafuna kuti mphunzitsi mmodzi azikhala ndi ana 60, koma m'makalasi oyambirira ambiri mumakhala ndi owirikiza kawiri. Palibe angakuuzeni kuti musiye ana 100 muziyang'ana mmodzi. Komabe pali zomwe zimatheka popanda ndalama, ndipo anzanu ena akuzichita kale.

Tengani kope lakale, mujambule mizere iwiri kuti tsamba ligawike patatu. Kumanzere lembani zomwe zinachitika mwana asanayambe kuvuta: nthawi yanji, anakhala pati, kunali phokoso lanji, anadya kapena ayi. Pakati lembani zomwe anachita, monga mmene zinalili, osati "anachita mwano" koma "anatseka makutu, anathawira kuseri kwa ofesi". Kumanja lembani zomwe zinatsatira. Chitani zimenezi masabata awiri, kenaka muwerenge pamodzi ndi kholo. Nthawi zambiri chinthu chimaonekera chokha. Mwina mupeza kuti vuto limabwera nthawi ya asembule, kapena belu likangolira, kapena tsiku lomwe mwasintha ndondomeko mosamuchenjeza. Mukatero mwapeza poyambira. Mukhazikeni kumapeto kwa mzere, pafupi ndi khomo, pomwe sakukhudzana ndi anthu mbali zonse. Mukodoleni belu lisanalire kuti atseke makutu. Muloleni avale chipewa chophimba makutu tsiku la mvula, ndipo kolala yokanda ija idulidwe, kapena avale sikipa yofewa m'kati. Gwirizanani za malo amodzi abata, kaya pakhonde kaya pansi pa mtengo woonekera pawindo, ndipo mupatseni kakhadi koti akakakweza atuluke mphindi zochepa osafunsidwa mafunso. Malo amenewo asakhale chilango. Wosakhazikika uja mutumeni anyamule mabuku kupita ku ofesi, afufute bolodi, akapope madzi pamjigo. Ana ena otere amabwerako ntchito yolemetsa thupi atakhazikika. Jambulani pakatoni zithunzi za zochitika za tsiku, kuti adziwe chomwe chikubwera. Ndipo zikafika poti waphulika, chotsani anzake pafupi, chepetsani mawu, musamugwire pokhapokha akudzivulaza, dikirani. Nthawi imeneyo samva uphungu. Mudzakambirana akadekha.

Kwa a Unduna wa Zamaphunziro, sitikupempha chifundo, tikukumbutsa zomwe dziko lino linalonjeza lokha. Malamulo aakulu a dziko, pa ndime 20, amaletsa tsankho chifukwa cha ulumali, ndipo pa ndime 25 amapereka ufulu wa maphunziro kwa aliyense. Mu 2009 Malawi anavomereza pangano la United Nations la ufulu wa anthu aulumali, lomwe ndime yake ya 24 imati ana aulumali aziphunzira limodzi ndi anzawo ndipo sukulu izisintha zinthu zoyenera kuti athe kutero. Lamulo la maphunziro la 2013 linati pulayimale ndi yokakamiza. Panali ndondomeko ya maphunziro ophatikiza ana onse ya 2017 mpaka 2021, ndipo mu 2024 kunabwera lamulo latsopano la anthu aulumali. Mapepala alipo okwanira. Koma mwana wobwezedwa pakamwa, popanda kalata, salembedwa paliponse. M'kaundula amangooneka ngati wojomba, kenaka wosiya sukulu. Tikufuna kuti mwana aliyense wobwezedwa kunyumba chifukwa cha khalidwe azilembedwa, chifukwa chake chizilembedwanso, ndipo a PEA, alangizi a sukulu za pulayimale, azifunsa za iye akabwera kudzayendera sukulu.

Tikuthokoza ntchito ya koleji ya Montfort ku Nguludi, m'boma la Chiradzulu, yomwe kwa zaka zambiri yaphunzitsa aphunzitsi a ana osaona, osamva ndi ovutika kuphunzira. Koma aphunzitsi apadera ndi ochepa, ena amayendera sukulu zingapo pa njinga, ndipo ma resource centre sali pa sukulu iliyonse. Mwana wathu amathera tsiku lake m'manja mwa mphunzitsi wamba. Ndiye mphunzitsi aliyense wotuluka ku koleji ya uphunzitsi, TTC, azituluka akudziwa kuzindikira mwana amene phokoso lamukulira, ndipo amene ali kale pantchito aphunzitsidwe ku malo osulira aphunzitsi, ma TDC, osati tsiku limodzi lolandira alawansi, koma mobwerezabwereza, ndi zitsanzo za m'makalasi awo omwe. Omanga midadada ya sukulu aike siling'i, chifukwa chitsetso cha njinga pakhomo sichithandiza mwana amene akuthamangitsidwa ndi denga. Makomiti a sukulu ndi ma Mother Group, pokambirana za ndalama zotukulira sukulu za SIG, apatuleko kangachepe ka mphasa ndi nsalu yotchingira ngodya imodzi yabata.

Kwa a zaumoyo, pempho lathu ndi la kusikelo. Mumayeza kulemera kwa mwana mwezi ndi mwezi, ndipo ntchito imeneyo yapulumutsa ambiri. Onjezani mafunso ochepa: kodi amatembenuka akaitanidwa dzina, amaloza ndi chala, amaopa phokoso lanji, amakana zakudya zotani? Chida choyezera kakulidwe ka mwana chotchedwa MDAT chinapangidwira kuno ku Malawi, ndipo chinasindikizidwa mu 2010. Chifike m'manja mwa alangizi a zaumoyo m'midzi. Mwana wotuluka m'chipatala atadwala malungo a muubongo azipatsidwa tsiku lobwerera, ndipo makolo auzidwe zoti ayang'anire. Mankhwala a khunyu asamasowe m'zipatala zazing'ono. Malo othandiza ana onga a St John of God ku Mzuzu aonetsa kuti ntchitoyi ndi yotheka, koma mayi wa ku Nsanje kapena ku Mchinji sangakwere basi kukafika kumeneko mwezi uliwonse. Kalembera wa 2018 anapeza kuti anthu 10.4 pa 100 aliwonse a zaka zisanu kupita m'tsogolo ali ndi ulumali wina wake. Anthu ochuluka chotere sangathandizidwe ndi malo owerengeka a m'mizinda.

Mabungwe a za ulumali amene anatitsogolera, monga FEDOMA ndi PODCAM, anatsegula njira, ndipo sitikubwera kudzapikisana nawo. Tikubweretsa nkhani ya ana amene ulumali wawo suoneka ndi maso, amene sayenda pa njinga kapena ndi ndodo yoyera, amene anthu amawaona mu minibasi akukuwa n'kuuza mayi kuti, "Mayi, mwana wanuyu mukumulera moipa." Ifenso tili ndi mbali yathu. Tidzauza aphunzitsi zonse zomwe tikudziwa za ana athu, osabisa poopa kuti akanidwa malo. Mwana wathu akavulaza wina tidzapita kukapepesa ndi kukambirana. Tidzasiyirana ana kuti mayi aliyense apezeko tsiku lopita kumsika ndi kumaliro. Sitidzajambula ana athu akulira n'kuika pa Facebook pofuna thandizo, chifukwa ulemu wawo si wathu woti tigulitse.

Inu amene muli ndi mwana wotere, ndipo wakhala kunyumba teremu yonse chifukwa munauzidwa kuti adikire, musadikirenso. Fufuzani kholo lina m'mudzi mwanu kapena kumpingo kwanu, alipo ndithu. Lembani pa pepala zinthu zomwe zimamusautsa mwana wanu ndi zomwe zimamukhazika mtima pansi. Lolemba likubwerali mupite awiri kwa ahedi, mwana ali m'manja, mukapemphe malo ake. Akakana, pitani kwa a PEA, ndipo akakananso kumeneko, pitani ku ofesi ya maphunziro ya boma lanu, mukapemphe kuti kukanako akulembereni pa kalata.